Nyambo za mtovu za amalume a ku Mbare

Basi yathu inafera pakati pa Mutoko ndi Murewa dzuwa litalowa kale. Tinali titanyamuka ku Blantyre m'mamawa, tadutsa pa Mwanza, tawoloka Zambezi pa Tete, talowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, moti aliyense anali atayamba kuimbira abale ake kuti tatsala pang'ono. Kenaka fungo la labala wopserera, injini zii. Lamba waduka. Kampani ya basi imeneyi imalipiritsa katundu aliyense mpaka kathumba ka ufa, koma lamba wapadera analibe, ngakhale tochi dalaivala anachita kubwereka foni ya mayi wina. Tinagona momwemo. Ngati mukupita ku Harare miyezi ya June kapena July, juzi musaiike m'chikwama cha pansi pa basi. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 ndipo chisanu chake sichiona nkhope.

Ndinafika ku Mbare, dera la mu Harare, kutacha, maso ali psuu, nditanyamula usipa wouma umene mayi anandipatsira alongo awo. Ine ndinapitira za geni, zokaona amalume zinali zongodutsa. Koma zimene ndinapeza kuseri kwa nyumba yawo n'zimene zandilembetsa nkhaniyi, za geni tidzakamba tsiku lina.

Ndinawapeza atakhala pa chitini, mbaula ili pakati pa miyendo, pa mbaula kampoto kakuda kopanda chogwirira. Pambali, pa chidutswa cha lata, panali tinsomba tonyezimira tandandalikidwa bwinobwino.

"Mphwanga, usayandikire ndi botolo la madzilo. Liike uko, kenaka ubwere tipatsane moni."

Amalume anachoka ku Nkhotakota kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, potsatira malume awonso amene anabwera kuno nthawi ya Mthandizi, bungwe lija linkalemba anthu akwathu ntchito za ku Rhodesia. Ku Mbare, ku Mufakose ndi ku Epworth mabanja otere alipo ambiri, agogo awo anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, osabwereranso kumudzi. Amalumewo anayamba ndi ntchito ya m'dimba, kenaka analowa pagalaja ina yokonza matayala. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, anthu andalama a ku Harare anayambanso kutsikira kunyanja yamchere kukawedza, ena ku Beira, ambiri ku Inhassoro ndi ku Vilankulo moyang'anana ndi zilumba za Bazaruto. Bwana wa pagalajapo anali m'modzi mwa iwo. Ankabwerako akudandaula kuti nyambo zachitsulo zogula m'sitolo zathera m'miyala ya pansi pa nyanja, zina nsomba zadula nazo. Amalume, pokhala mwana wa msodzi, anangotenga imodzi yotsala, kuitembenuza m'manja, n'kuyang'ana chidebe cha timitovu takale ta m'matayala chimene chinkangotayidwa pakona. Ntchito inayambira pamenepo. Harare ali pamtunda wopitirira makilomita 500 kuchoka ku Beira, koma munthu akudyetsa banja ndi nsomba za kumeneko.

Timitovu timeneti ndi tija amamata m'mbali mwa limu kuti tayala lisamanjenjeme. Amalume amatola m'magalaja, kwina amagula pa kilo. Si tonse tili ta mtovu masiku ano, tina ndi ta zinki, tina tachitsulo, ndiye asanaponye mumpoto amayamba aluma kalikonse ndi pulayala. Ka mtovu kamalowa mano, ka zinki kamakana. Mtovu umasungunuka pa madigiri 327, zinki amafuna pafupifupi 420, choncho moto ukakhala woyenera zinki amangoyandama n'kumuwola. Koma ukakoleza kwambiri n'kusungunukira limodzi, mpoto wonse waonongeka, mtovu umachita mibulumibulu ndipo sudzaza chikombole. Tizitsulo tokolera ku limu nato timayandama pamwamba pamodzi ndi zinyalala, amaziwola ndi supuni yakale yoboola. Zikachoka, pansi pamatsala madzi owala ngati galasi.

Chikombole ndiye mwini nkhani. Amayamba ndi kusema kansomba pa thabwa lofewa, kutalika kwake chala chapakati, mutu wonenepa, kumchira kopyapyala. Amakakwirira theka m'dongo m'kabokosi, n'kuthira pulasitala woyera uja amamangira munthu wothyoka mkono. Akauma amatembenuza, kuchotsa dongo, kuboola timaenje tiwiri m'makona kuti mbali ziwirizo zizilumana malo amodzimodzi, kupaka Vaseline, n'kuthira mbali yachiwiri. Akazilekanitsa amasema kanjira kothirira mtovu kumutu, ndi timizere topyapyala totulukira mpweya. Kenaka kudikira. Chikombole chimakhala padzuwa masabata, ndipo tsiku lothira amachiwambanso pambali pa mbaula. Pulasitala amaoneka wouma kunja chinyezi chili m'kati, ndipo dontho la madzi likakumana ndi mtovu wosungunuka limasanduka nthunzi nthawi yomweyo, mtovu n'kuthovokera kumaso. Anandionetsa chipsera pa dzanja lamanzere, pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Nkhani ya botolo langa ija inali imeneyi.

Chikombole cha pulasitala sichikhalitsa, chimayamba kugumuka m'milomo chikamwa moto kangapo. Mtundu wa nyambo ukayamba kuyenda malonda, amalume amapita nawo ku Siyaso, kumsika wa amisiri pafupi pomwepo, kukapangitsa cha aluminiyamu. Iyeyu amasungunuka pa madigiri 660, ndiye mtovu samuopsa. Ali nazo zitatu zoterozo ndipo amazisunga m'nyumba, pansi pa bedi.

Ndinaona akuthira. Anayatsa kandulo n'kudetsa m'kati mwa chikombole ndi mwaye kuti mtovu uyende bwino ndiponso usamatirire. Anagoneka waya wosachita dzimbiri m'kati, wopindidwa kadiso uku ndi uku. Wayayu amadutsa m'thupi lonse la nyambo, chifukwa mtovu ndi wofewa, nsomba yaikulu ikakoka iyenera kukokana ndi waya. Anatseka, kumanga ndi kalampu, kutunga ndi chipande chachitsulo, n'kuthira kamodzi osadukiza mpaka pakamwa padzadza. Sanayankhule. Patangopita kanthawi anatsegula ndi nsanza, kansomba n'kugwera pa lata kali ndi makwinya thupi lonse. Anakabwezera mumpoto osakayang'ana kawiri.

"Zoyamba zimatero. Chikombole chisanatenthe, mtovu umauma usanafike kumchira."

Kachitatu kanatuluka kosalala, ngakhale timizere ta mamba timene anasema pa thabwa paja tinaoneka.

Zotsalazo ndi ntchito ya masana, pamthunzi. Kudula chitsa cha pothirira, kupala ndi fayilo, penti yoyera pansi. M'mbali amamata pepala lonyezimira la m'kati mwa mapaketi a tchipisi, ana a m'deralo amawatolera. Kumsana buluu kapena gilini, ena amafuna pinki. Diso ndi dontho la kyutekisi wachikasu, pakati lakuda. Pamwamba pa zonse guluu wa epoxy, uja wosakaniza machubu awiri, kuti mchere ndi mano zisafike pa penti msanga. Chimene sangapange ndi mbedza ndi timaling'i tolumikizira, ndipo n'zimene zimawadyera phindu. Mbedza wamba ya kumadzi opanda mchere ikalowa m'madzi amchere imachita dzimbiri ulendo usanathe, ndiye amagula zolimba zochokera ku South Africa.

Nyambo yotere sinunkha kanthu, nsomba imanyengedwa ndi maso basi. Msodzi amaiponya pa boti, kuisiya imire, n'kumaikoka modzutsa kuti izigwa chammbali, kuphethira, ngati kansomba kovulala. N'chifukwa chake mbali imodzi amaisiya yophwatalala, ina yotukuka. Amaumba za magalamu 40, 60 mpaka 120, zolemerazo n'za malo akuya kumene madzi amakoka kwambiri. Nsomba zimene amafuna ndi zolusa: ija a ku Mozambique amaitcha serra, kingfish, ndi barracuda. Serra mano ake amadula chingwe cha nayiloni kamodzi n'kamodzi, ndiye kutsogolo kwa nyambo amaikako kawaya. Amalume anapitako ku Inhassoro ndi bwana uja, ntchito yawo inali yolonda msasa ndi kutumbula nsomba. Akuti ankatsegula mimba ya nsomba iliyonse kuona chimene yadya, ndipo kansomba ka thabwa kaja anakasema potengera zimene anapeza m'menemo. Asodzi a ku Nkhotakota amachita chimodzimodzi ndi mcheni, palibe chachilendo.

Mdzukulu wawo, mnyamata wa Fomu 4 amene Chichewa chake chimatsamira ku Chishona, ali ndi geni yakeyake. Iye amaumba nyambo zofewa za pulasitiki, anaphunzira pa YouTube. Mankhwala ake amabwera oyera, amadzimadzi, amawatenthetsa mu microwave yakale mpaka madigiri pafupifupi 175 kuti ayere mbee, kuthira utoto ndi tonyezimira, n'kukhuthulira m'chikombole cha silikoni. Zong'ambika amazisungunulanso. Zake zimagulidwa kwambiri ndi owedza bass m'madamu monga Chivero, koma a kunyanja yamchere amatenganso n'kuziveka pa mitu ya mtovu ya agogo ake. Vuto ndi magetsi. Tsiku limenelo anazima m'mawa, mnyamata anangokhala manja m'thumba, agogo ake akumuseka kuti mbaula siidikira munthu wa ku ofesi.

Pali chimodzi chimene sichinandisangalatse, ndipo ndinawauza. Mtovu ndi poizoni. Umalowa m'thupi kudzera m'fumbi la pa fayilo ndi m'manja osasamba, ndipo kwa ana aang'ono umaononga ubongo mwakachetechete, osaonetsa chilonda. Pabwalo pomwepo pamasewera tiana ta anthu a lendi. Amalume amathirira panja, mpoto wawo sulowa m'khitchini, ndipo mabatire a galimoto amakana kuswa ngakhale anyamata amabwera nawo motchipa, akuti utsi wake ndi asidi wake anaona zikugwetsa munthu. Pamenepo ndinawayamikira. Koma fumbi amangolisesera kumpanda. Akazi awo anandithandiza: "Auzeni inuyo achimwene, ine ndatopa. Akadya nsima osasamba ndi sopo ndimawalanda mbale." Amalume anangoti amva. Sindikukhulupirira kuti anamva.

Chakumadzulo kunabwera dalaivala wa bwana wina wa ku Borrowdale, nayenso mdzukulu wa machona, agogo ake a ku Dedza. Anatenga nyambo 20 pa madola atatu iliyonse, atayesa kutsitsa mpaka kutchula za ubale wa kumudzi. Amalume sanasunthe. M'masitolo a zowedzera, yofanana nayo yochokera kunja inkapitirira madola khumi, ndipo pansi pa nyanja mwala sufunsa kuti iyi ndi ya ku Japan kapena ya ku Mbare. Kenaka panabuka mkangano wa chenji, umene ku Harare sutha. Ndalama yawo ya ZiG inayamba mu April 2024, koma pamsika aliyense amatchula mtengo m'madola a ku America, ndipo ukapereka pepala la 20 uyembekeze kuzungulira msika wonse. Nyamulani mapepala a dola imodziimodzi ochuluka. Sadza ya nyama pa Mbare Musika ndinadya ya dola imodzi ndi theka, yokhutitsa, ngakhale ufa wake ndi wa mgaiwa ndipo amaiumitsa kuposa kwathu. Foni isakhale m'thumba la kumbuyo.

Pobwerera anandipatsa nyambo zinayi za magalamu 40 kuti ndikapatse asodzi a ku Senga Bay ayesere mcheni. Amene ndinamupatsa anaziyeza m'manja n'kunena kuti n'zolemera kwambiri, pokhapokha atachepetsa kufika theka, ndipo kumsana kukhale kobiriwirako kofanana ndi usipa. Ndinawatumizira amalume uthengawo pa WhatsApp ya mdzukulu wawo. Ayankha kuti chikombole chatsopano ndi madola 15 ku Siyaso, ndipo akufunsa kuti alipira ndani.