Lachinayi usiku, Bangkok: ndatsala ndi mabaht 15

Ndikulemba nditakhala pamasitepe a nyumba yogona alendo, poti m'chipinda chathu cha anthu 8 azimitsa kale magetsi, ndipo mnyamata wa ku Germany amene amagona bedi lapamwamba pa langa akuliza nkonono ngati chigayo cha dizilo. Kuno ndi 11 koloko usiku. Ku Chilomoni ndi 6 koloko madzulo, ndiye kuti mayi ali pamoto akuvundula nsima. Dzuwa linalowa kalekale koma malaya andimatirira kumsana.

Ndisananyamuke ndinadziikira lamulo: mabaht 1,000 patsiku, pogona pomwe. Aliyense wa kwathu akudziwa mmene madola akuvutira kupeza, ndiye anga ndinawasonkhanitsa ngati nyerere, kwa miyezi. Lero kope langa likuti ndadya mabaht 985. Ndapulumuka ndi 15.

Za Lachiwiri sindikumbuka zambiri. Ndinatsika pabwalo la ndege la Suvarnabhumi mutu uli zii, nditachoka ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa osagona tulo teniteni. Chanzeru chimodzi chokha chimene ndinachita ndi kusasintha ndalama pamwamba pomwe anthu amatulukira. Ndinatsikira pansi penipeni, pafupi ndi pokwerera sitima, pomwe timaofesi tosinthira ndalama timapereka mtengo wabwinoko. Kumeneko ndinaphunzira kuti pepala la madola 100 amaligula mokwera kuposa mapepala a 10 kapena 20, ndipo lothimbirira kapena long'ambika pang'ono amalibweza osayankhula n'komwe. Dola imodzi inandipatsa mabaht 30 ndi kachidutswa. Sitima yopita ku Phaya Thai inandidya mabaht 45, theka la ola basi. Kuchoka apo ndinakwera kabaza wanjinga yamoto, chikwama kumsana. Akabaza akuno amavala majekete a olenji okhala ndi nambala, ndipo amakhala pamasiteji awo mwadongosolo, koma akangoliza njinga dongosolo lonse limathera pomwepo. Tinadutsa pakati pa mabasi awiri mawondo anga akukhudza mbali zonse. Chinanditonthoza n'chakuti galimoto zimayenda kumanzere ngati kwathu, ndiye podumpha msewu khosi limatembenuka lokha koyenera.

Ndikugona ku Banglamphu, chigawo chakale cha mzindawu, pafupi ndi mtsinje wa Chao Phraya. Bedi ndi mabaht 300 usiku umodzi. Nsapato timasiya pakhomo.

Dzulo ndinangoyendayenda. Ndinalowa m'sitolo ya 7-Eleven kasanu, osati kukagula kanthu koma kukapuma mphepo yozizira, ndipo belu lapachitseko chawo landilowa m'mutu. Pa lisiti ina ndinaona chaka cholakwika ndi zaka mazana, ndiye ndinakafunsa mtsikana wolandira alendo. Anaseka. Kalendala yawo ndi yachibuda, ili patsogolo ndi zaka 543. Anandiuzanso kuti iwo satchula mzindawu kuti Bangkok, amati Krung Thep. Kenako anandifunsa kwathu. Ndinati Malawi. "Malaysia?" Ayi. "Mali?" Ndinatulutsa foni n'kumuonetsa nyanja yathu pamapu. Lero zimenezi ndazichita katatu.

Pafupifupi pakhomo lililonse, ngakhale pa banki kapena nyumba yansanjika, pali kanyumba kakang'ono kokhazikidwa pansanamira, kokongoletsedwa ndi maluwa. Patsogolo pake amaikapo lubani, nthochi, ndi botolo la Fanta wofiira, lotsegula, kampope koyamwira kali momwemo. Azungu amene tinali nawo ankajambula zithunzi modabwa. Ine ndinangoti: kachisi uyu. Agogo anga ku Ntcheu akanamvetsa popanda womasulira kuti mizimu ya pamalopo iyenera kupatsidwa pokhala ndi chakumwa kuti isavutitse a m'nyumba. Kusiyana n'kwakuti ife tinasiya tikuchita manyazi, pomwe kuno bambo wovala tayi amaima, n'kuphatikiza manja, n'kuwerama, kenako n'kulowa mu ofesi.

Usiku ndinakafika ku Khao San Road, msewu umene aliyense woyenda ndi chikwama kumsana amauziwa. Phokoso, mowa wa m'tizidebe, anyamata opanda malaya. Sindinakhalitse. Koma ndinaima pa ngolo ya mayi wogulitsa ziwala zokazinga, nkhululu ndi mphutsi, pomwe panalembedwa kuti wongofuna kujambula osagula alipire. Gulu la atsikana linkakuwa wina akuyesa kuluma mwendo wa chiwala. Ndinagula kathumba, ndinathothola miyendo monga tinkachitira tili ana, n'kumadya ndikuyenda. Amathira msuzi wa soya ndi tsabola woyera. N'zabwino, koma ngumbi za mvula yoyamba sizingafanane nazo. Mayi uja anandiyang'ana, n'kundiwonjezera supuni ina osalipiritsa.

Tsono lero.

Ndinadzuka 6 koloko chifukwa thupi silinavomerebe nthawi yakuno. Mumsewu munali amonke ovala nsalu za olenji, opanda nsapato, atanyamula mbale zawo, ndipo azimayi ankagwada n'kumawaikira mpunga ndi ndiwo za m'timapepala. Palibe amene ankayankhula. Ndinagula timitengo tiwiri ta nyama yankhumba yootcha ndi kampunga komata, mabaht 30, n'kupita padoko la Phra Athit kukadikira boti la mbendera ya olenji. Pali lina la mbendera ya buluu la alendo, lodula. La olenji ndi la anthu opita kuntchito, mabaht osakwana 20, ndipo silidikira munthu. Mnyamata wakumbuyo amaliza likhweru, kudumphira padoko ndi chingwe, anthu n'kukhamukira mkati, likhweru linanso, basi tanyamuka. Kondakitala ndi mayi wonyamula kachitini kautali kachitsulo kamene amakagwedeza kuti ndalama zilire, kofanana ndi "tiyeni nazo" wa m'minibasi ya ku Limbe, kungoti iye satukwana.

Ndinatsika pa Tha Chang, pafupi ndi Grand Palace, nyumba yachifumu imene inayamba kumangidwa mu 1782 pamene Mfumu Rama I inakhazikitsa likulu mbali ino ya mtsinje. Ndisanafike n'komwe pachipata, bambo wina wovala bwino, wa Chingerezi chosalala, anandiimitsa. Anati lero kwatsekedwa mpaka masana, kuli mwambo wa amonke, koma mnzake wa tuk-tuk, kagalimoto ka matayala atatu, atha kundizungulitsa akachisi ena atatu pa mabaht 20 okha. Ndinatsala pang'ono kukwera, chifukwa munthu wowerenga makobidi akamva 20 makutu amaima. Koma ndinakumbukira anyamata a pa depoti ya ku Lilongwe amene amakuuza kuti basi yako yapita kale, kwera iyi. Nkhope yake inali yomweyo. Ndinamuthokoza n'kupitirira, ndipo nditakhota ndinapeza chipata chili pululu, anthu ali pamzere. Madzulo ano mtsikana wolandira alendo wandiuza kuti ulendo wa mabaht 20 umathera m'sitolo ya miyala yonyezimira kapena kwa telala wa masuti, komwe dalaivala amalandira yake chifukwa chokubweretsa.

Komabe sindinalowe. Mlendo amalipira mabaht 500. Ndinaima pachipata mphindi zingapo ndikuwerenga m'mutu: theka la tsiku langa lonse, chakudya cha masiku atatu. Ndinasuzumira madenga agolide pamwamba pa mpanda woyera, ndinadziuza kuti mwina tsiku lomaliza, ndipo ndinatsata mpandawo mpaka ku kachisi wa Wat Pho. Kumeneko ndi 300, yowawabe, koma ndinatulutsa.

Sindinong'oneza bondo. Chifanizo cha Buddha wogona n'chotalika mamita 46, msinkhu mamita 15, chonse chokutidwa ndi golide, ndipo anachimanga mu 1832 nthawi ya Rama III. Nyumba imene chilimo ndi yothina moti sungachione chonse nthawi imodzi. Umayamba ndi mutu wotsamira padzanja, kenako umayenda, kuyenda, kudutsa nsanamira, mpaka kukafika kumapazi, amene pansi pake anajambulapo zizindikiro 108 ndi zigoba zonyezimira za m'nyanja. Nthawi yonseyi ndinkamva kulira kwina, ngwee, ngwee, ngwee, ngati mvula yoyamba padenga lamalata, osadziwa kukuchokera kuti. Nditazungulira kumsana kwa chifanizo ndinapeza mbale 108 zamkuwa zitandandalikidwa kukhoma, anthu akuponya kakobidi m'mbale iliyonse. Umapereka mabaht 20, amakupatsa kambale ka timakobidi. Ine ndine wa CCAP, ndinaimba kwaya zaka zisanu, ndipo ndinaima kaye kudzifunsa ngati abusa akanakondwa. Kenako ndinaganiza kuti ndalamazo zimasamalira malowo, ndipo ndinkafuna kumva kulirako kukuchokera m'manja mwanga. Timakobidi tanga tinatha ndisanafike mbale yomaliza. Kaya ndinaponya tiwiri pena.

Pa Tha Tien ndinakwera kaboti kowolotsa, mabaht 5, kukaona kachisi wa Wat Arun. Ndinangoyang'ana ndili kunja. Patali nsanja yake imaoneka ngati yosemedwa pamwala, koma ukayandikira umaona kuti maluwa onsewo ndi zidutswa za mbale zadothi zomatidwa chimodzichimodzi.

Nkhomaliro ndi imene inandichititsa manyazi. Ndinakhala pakampando kapulasitiki m'kanjira kena n'kuloza chimene mnzanga wa patebulo ankadya: nyama yogaya yokazinga ndi masamba onunkhira, pampunga, dzira pamwamba. Amati phat kaphrao, mabaht 60. Mayi wophika anandifunsa kanthu atakweza nsidze, ndipo ine, mwana woleredwa ndi kambuzi, ndinagwedeza mutu monyada osamva n'komwe funso. Safunsa anadya phula. Supuni yachitatu misozi inali mbwee, mphuno ikuchucha, makutu akulira. Mayiyo anaitana mnzake kuti adzaone. Anandipatsa nkhaka ndi madzi oundana, n'kundiphunzitsa mawu awiri amene ndawalemba pachikuto cha kope: mai phet, kutanthauza kuti tsabola ayi. Mbale ndinamaliza. Mabaht 60 satayidwa.

Masana ndinali ndi ntchito ya achemwali anga, amene ali ndi kashopu ka zovala ndipo anandilamula kuti ndisabwere osaona mitengo ya kumsika wa zovala wa Pratunam. Ndinayenda wapansi mpaka pa mlatho wa Phan Fa n'kukwera boti la mu ngalande ya Saen Saep. Madzi ake ndi akuda, onunkha ngati Mudi m'chilimwe, ndipo m'mbali mwa boti muli malona amene okwera amakoka ndi chingwe kuti asathoveredwe kumaso boti lina likamadutsa. Otolera ndalama amayenda m'mphepete kunja kwa boti, atavala zipewa zolimba, dzanja limodzi pachingwe, lina likubweza chenje. Pamsewu galimoto zinali zitaima nji, ife tikudutsa kuseri kwa nyumba za anthu, zovala zili pachingwe, agogo akuonera TV khomo lili lotsegula.

Ku Pratunam, m'munsi mwa nsanja ya Baiyoke, ndi kumene ndinasiya kukhala chodabwitsa. Tinjira tothina, zovala mpaka kudenga, anyamata okankha ngolo akukuwa kuti tipatuke, ndipo pakona iliyonse munthu wakuda atakhalira chibelo chomangidwa ndi tepi. Ndinamva Chiswahili, Chifalansa, ndi zinenero za ku West Africa zimene sindinazizindikire. Malonda amachitika pa kakyuleta: wogulitsa alemba nambala, iwe ufufuta n'kulemba yako, iye agwira pamtima ngati wamubaya. Ukatenga zitatu kupita m'tsogolo mtengo umatsika kukhala wa oda. Ndinajambula madiresi ndi mitengo yake n'kutumiza pa WhatsApp. Yankho linabwera pompo: "Achimwene, musagule kaye, mufunse ngati ali ndi masaizi aakulu. Makasitomala anga si ana asukulu." Anali ndi mfundo. Zambiri zimene ndinaona sizingadutse paphewa la mayi wa ku Ndirande.

Chakudya chamadzulo ndi chimene chandifikitsa pa 985. Pafupi ndi kuno pali banja la ku Isan, kumpoto chakummawa kwa dziko lino, limene limaotcha nsomba pamakala m'mbali mwa msewu. Nsombayo amaipaka mchere wambiri mpaka kuyera, m'kamwa n'kuisokera udzu wonunkhira uja timathira mu tiyi. Nditasenda chikopa n'kuona mnofu ndi minga yake, ndinati uyu ndi mbale wake wa chambo. Ndi zoona: amaitcha pla nin, ndipo kwawo kwenikweni ndi ku Africa, ku mtsinje wa Nile. Inafika kuno mu 1965, pamene Akihito, asanakhale mfumu ya Japan, anapatsa Mfumu Bhumibol nsomba 50. Mfumuyo inaziweta m'maiwe a kunyumba yake ya Chitralada n'kugawira alimi, ndipo lero ndi ndiwo ya munthu wamba. Chambo cha ku Mangochi chimaposa, asandinamize munthu, koma nditatha masiku atatu ndikulimbana ndi supuni ndi foloko, anandibweretsera mpunga womata m'kadengu kansungwi, ndipo ndinaona bambo wa patebulo lina akutema ndi dzanja, kuumba mbamu, n'kusunsa mu msuzi. Ndinasamba m'manja. Mwini malo anaima n'kumandiyang'ana mmene ndikuumbira, kenako anafunsa kuti ndinakhalako ku Isan. Ndinatulutsanso foni kumuonetsa nyanja.

Madzi apampopi samwa kuno, koma pakona pali makina amene amadzaza lita imodzi ndi baht imodzi, ndiye ndikamaliza kulemba ndipita ndi mabotolo anga awiri. Mawa ndikufuna kukafika ku Lumphini Park, komwe akuti ng'azi zazikulu zimayenda pakapinga anthu akuthamanga, ndipo 6 koloko madzulo nyimbo yafuko ikalira aliyense amaima chilili pomwe ali. Kulowa n'kwaulere. Ndikadya za mabaht 50 kawiri n'kuyenda wapansi, mwina Loweruka 500 ya Grand Palace ipezeka. Achemwali atumizanso uthenga: akufuna ndibwerere ku Pratunam ndi tepi yoyezera.