Dzina la Chipembere latulukanso m'thumba

Galimoto ya andale ya zimkuzamawu yangodutsa kumene pa mlatho wa Bakili Muluzi ikufuula kuti Mangochi ndi kwawo kwa Masauko Chipembere, choncho tivotere iwo. Dzinali limakumbukiridwa kampeni ikayandikira basi.

Kaphikidwe kake n'kamodzimodzi. Amatola munthu woti anamwalira, sangawatsutse, n'kuidula mbiri yake pakati. Akuuzani kuti Chipembere anaukira Kamuzu mu February 1965 kuchokera kuno, nthawiyo kukutchedwa Fort Johnston. Koma sanena kuti iye yemweyo anali m'gulu la amene anaitana Kamuzu kuti abwere kumudzi mu 1958, ngakhalenso kuti mkangano wake ndi Kamuzu unabadwira pakati pa nduna mu 1964. Akatero amadzimata okha pa dzinalo, ndipo aliyense wowatsutsa amasanduka wonyoza makolo. Taonani mmene amuseweretsera Kamuzu amene. Boma la Muluzi linachotsa tchuthi cha pa 14 May ndi dzina la Kamuzu pa bwalo la ndege. Bingu anabwezeretsa zonsezo, n'kutsegulira chiliza chake ku Lilongwe mu 2006, kenaka nayenso n'kuvala dzina la Ngwazi. Mbendera nayo inasinthidwa mu 2010, n'kubwerera mu 2012.

Chondiwawa n'chakuti anthu a m'mudzi wa Moto kuno kwathu, amene anatengedwa pafupifupi mudzi wonse kukatsekeredwa m'nthawi ya chipani chimodzi, simuwamva kawirikawiri pansanja. Ukangowatchula, mawa lake abale awo akufunsa za chipukutamisozi, ndipo wandale safuna funso limenelo.