Msomali pa mpanda wa aneba

Sabata yathayi ndinali ku Mchesi, pakhoma la shopu ina ya simenti ndi malata. Eni ake, bambo achikulire, amafuna chithunzi cha nyumba yoti wodutsa azilakalaka kulowamo. "Osati zophwathalala ngati zojambula ana a Sitandade 2," anatero.

Lolemba lonse burashi sindinaigwire. Ndinaima tsidya lina la msewu, pomwe anthu amadikirira minibasi, kuti ndione pamene maso awo amagwera pakhomapo. Kenako ndinalemba mzere wa choko wopingasa, mamita 1.6 kuchokera pansi. Umenewu ndi mulingo wa maso, ndipo ukaulakwa walakwa nyumba yonse. Mizere ya denga, poti ili pamwamba pake, imatsetsereka. Ya khonde imakwera.

Lachiwiri ndiye kunali ntchito. Nyumba yoonekera pangodya imafuna madontho awiri pamzere uja, lina lokathera mizere ya khoma lamanja, lina ya lamanzere. Mukaima pakati pa njanji ku Kanengo mumaona zomwezi: zitsulo ziwiri zija sizikumana, koma maso amati zakumana kutali uko. Ine padontho ndimakhomapo msomali wa konkire n'kumangirirapo twayini, mnyamata wanga akukoka, ine ndikulemba.

Tsono madonthowo akayandikana, nyumba imasongoka ngati mphuno ya bwato. Khomalo ndi la mamita 5 okha, ndiye dontho lamanja linakagwera pa mpanda wa aneba, mayi ogulitsa makala. Nanga msomali ungaukhome wamba pampanda wa munthu, mlendo, twayini ili m'manja?

"Achimwene, zimenezi ndi za mankhwala kapena?"

Ndinafotokoza mpaka malovu kuuma. Chomwe chinathandiza ndi kajumbo ka makala komwe ndinagula.

Lachitatu mnyamata uja anayeza mawindo ndi tepi, onse ofanana, poganiza kuti wandipeputsa. Tinafufuta. Pakhoma lopita kutali, pakati sipapezeka ndi tepi ayi. Umalemba X kuchokera ngodya kufika ngodya, ndipo pomwe mizere yadutsana ndi pakati penipeni, ngakhale pakuoneka kuti pasendera kumbuyo. Windo lakutali limachepa m'litali ndi m'lifupi momwe.

Lachinayi bambo aja anafika n'kuima mphuno pafupi ndi khoma.

"Amisiri, khoma lakumapetoli lafupika chifukwa chiyani? Anthu aziti simenti yanga sikwanira!"

Sindinawatsutse. Ndinangowapempha kuti tiwoloke msewu. Ataima pasiteji paja anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Aa, yatuluka!" Dandaulo lawo si lachilendo. Filippo Brunelleschi, mmisiri wa ku Florence, mzinda wa ku Italy, yemwe anaonetsa njirayi cha m'ma 1420, anachita kuboola thabwa lomwe anajambulapo nyumba yobatiziramo, kuti munthu asuzumire pabowopo n'kuona chithunzicho pa kalilole. Amadziwa kuti chimagwira bwino diso likakhala pamalo amodzi. Ine bowo langa ndi siteji ya minibasi.

Lachisanu kunali kupaka basi. Khoma loyang'ana dzuwa ndinalipaka penti wowala, linalo woderako, ndi kamthunzi pansi pa malata. Madzulo ndinapita ndi hamala kukazula msomali uja, n'kupeza mayi aja akolekapo majumbo awo.

"Ausiye pomwepo, achimwene," anatero, akuthira makala m'mbale.