Mipingo iwiri pa maliro a agogo

Loweruka usiku, kumudzi ku Dedza.

Anthu amene anabwera kudzakhuza maliro abalalika tsopano, ndipo ndakhala pakhonde ndi kuwala kwa foni kuti ndilembe zimene ndaona lero zisanasokonekere m'mutu. Masana ano taika m'manda agogo aamuna, amene anali Mkatolika moyo wawo wonse. Asiya agogo aakazi, mayi wa Chigwirizano mu mpingo wa CCAP, amene akhala nawo pabanja zaka zoposa makumi asanu, Lamulungu lililonse akulekana pamphambano, wina kulowera kuparishi, wina kutchalitchi chake, ndi kudzakumananso pa mbale ya nsima masana.

Usiku wathawu pasiwa, amayi a mipingo iwiriyi anagawana nthawi popanda wowauza. A mumphakati wa agogo aamuna anayamba ndi kolona, ndipo pamene ankabwereza "Tikuoneni Maria", amayi a Chigwirizano anangoweramitsa mitu mwaulemu, milomo ili yotseka. Koma pofika pa "Atate athu", nyumba yonse inayankhula pamodzi, ngakhale kuti mawu ena ankasiyana apo ndi apo chifukwa aliyense analoweza pempheroli monga analiphunzirira ali mwana. Kolona itatha, amayi a mabulauzi oyera aja anayambitsa nyimbo za m'buku, ndipo Akatolika ambiri ankazidziwa, poti ndi nyimbo zimene zaimbidwa pa maliro a m'mudzi muno kuyambira kalekale.

M'mawa, adzukulu ali kumanda, mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa Fomu 2 amene amapemphera ku mpingo wina wa Chipentekoste ku Lilongwe, anandikokera pambali nandifunsa motsitsa mawu kuti: "Amalume, kodi agogo anali Mkhristu kapena anali Mkatolika?" Sanafunse mwachipongwe, anafunsa ndi nkhawa ya mwana amene akufuna kudziwa kumene agogo ake apita. Funsoli linandipweteka, osati chifukwa cha iye, koma chifukwa ndinadziwa kuti analimva kwa akuluakulu, amene polankhula amati "Akhristu ndi Aroma" ngati kuti ndi mitundu iwiri ya anthu.

Ndinamuuza kuti Mkatolika ndi Mkhristu, monga momwe Mpresibiteriyani, Mwangilikani ndi Mbaptisti alili Akhristu, ndipo Mpingo wa Katolika ndiwo waukulu pa mipingo yonse yachikhristu, pakuti uli ndi anthu oposa biliyoni imodzi, pafupifupi theka la Akhristu onse a pa dziko lapansi. Mawu akuti "katolika" ndi a Chigiriki, ndipo tanthauzo lake ndi chinthu cha ponseponse, cha anthu onse. N'chifukwa chake ngakhale agogo aakazi, ponena Chikhulupiriro cha Atumwi kutchalitchi kwawo, amavomereza mpingo woyera wa anthu onse, ndipo liwu limene lili pansi pa mawu amenewo ndi lomweli. Ndinamufotokozera kuti zimene iye amakhulupirira za Mulungu mmodzi mwa Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, ndi zakuti Yesu ndi Mulungu weniweni wochokera kwa Mulungu weniweni, zinalembedwa momveka pa msonkhano wa maepiskopi ku Nicaea m'chaka cha 325, nazidzatsirizidwa ku Constantinople mu 381, mipingo isanagawikane monga tikuidziwira lero. Kugawikana kwakukulu kunadza pambuyo pake: a Kum'mawa, amene timawatchula a Orthodox, analekana ndi Roma mu 1054, ndipo mu 1517 Martin Luther, yemwe anali wansembe wa Katolika, anatsutsa malonda a chikhululukiro, nkhani imene inakula mpaka kubala mipingo ya Chipulotesitanti. Mpingo wa agogo aakazi mizu yake ili m'chiphunzitso cha John Calvin wa ku Geneva.

Mnyamata uja anati: "Nanga bwanji amapembedza Maria?" Ndinamuyankha kuti chiphunzitso cha Katolika chimaletsa kupembedza wina aliyense kupatula Mulungu, ndipo chimene Akatolika amachita ndi kulemekeza Maria ndi oyera mtima, ndi kuwapempha kuti awapempherere, monga munthu amapempha mnzake kuti amukumbukire m'pemphero. Ndinamuuzanso moona kuti Apulotesitanti savomereza zimenezi, chifukwa amati mkhalapakati ndi mmodzi yekha, Yesu Khristu, ndipo kupempha thandizo kwa akufa sakupeza m'Malemba. Sindinafune kumunamiza kuti kusiyana kulibe. Kulipo, ndipo nkwakukulu: ulamuliro wa Papa, masakramenti asanu ndi awiri pamene CCAP ili ndi awiri okha, ubatizo ndi Mgonero, komanso Baibulo la mabuku 73 pamene la Apulotesitanti lili ndi 66.

Tikudikira bambo mfumu, ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi mkulu wa mpingo wa CCAP, mphunzitsi wopuma, amene anali bwenzi la agogo kuyambira ubwana. Iwo anandiuza kuti pamene awiriwa ankakwatirana, mudzi unagawanika, ndipo panali achibale amene sanapondeko ku ukwati. Anati masiku amenewo mwana wa sukulu ya Adatchi sankaloledwa ngakhale kusuzumira m'tchalitchi cha Aroma, ndipo nawonso ana a Aroma ankauzidwa chimodzimodzi. Ndikaganiza bwino, chidani chimenecho sichinabadwire kuno. Chinabwera m'katundu wa amishoni. A Dutch Reformed, Adatchi aja, anafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, pamene ku mbali ya Katolika, a Montfort anatsegula Nzama ku Ntcheu mu 1901, ndipo a White Fathers anakhazikika ku Mua mu 1902. Onsewa anafika ndi mabala a mikangano ya ku Ulaya ya zaka pafupifupi mazana anayi, nayamba kulimbirana mafumu ndi malo omangapo sukulu, kotero kuti mpingo wa munthu kawirikawiri unkadalira sukulu imene inali pafupi ndi mudzi wake. Agogo aamuna anakhala Mkatolika chifukwa cha tsidya la mtsinje limene anabadwira, ndipo agogo aakazi anabadwira tsidya linalo.

Mphunzitsi uja anati zinthu zinayamba kufewa pang'onopang'ono, ndipo ine ndikudziwa chimodzi mwa zifukwa zake. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, wa maepiskopi a Katolika, umene unachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, unatulutsa chikalata mu 1964 chonena kuti onse obatizidwa mwa Khristu m'mipingo ina ayenera kutchedwa Akhristu ndi kulandiridwa ngati abale mwa Ambuye. Mu 1999, ku Augsburg, Akatolika ndi Alutherani anasaina mgwirizano pa nkhani yomwe inawalekanitsa poyamba, yakuti munthu amalungamitsidwa ndi chisomo cha Mulungu kudzera m'chikhulupiriro, ndipo bungwe la pa dziko lonse la mipingo ya Reformed, yotsatira chiphunzitso cha Calvin, linavomereza mgwirizanowo mu 2017. Kuno kwathu, mphunzitsiyo anakumbukira za pa 8 Marichi 1992, pamene kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika, kudzudzula kupondereza kwa boma la chipani chimodzi. Anati agogo aamuna anabwera nayo nkhaniyo kunyumba kwake madzulo, akunong'ona, ndipo patapita miyezi yochepa masinodi a Blantyre ndi Livingstonia anaimirira limodzi ndi maepiskopiwo, mpaka kunabadwa bungwe la Public Affairs Committee, momwe munakhala Akatolika, Apresibiteriyani, Angilikani ndi Asilamu.

Koma chimene chandikhalira pamtima usiku uno ndi zimene zinachitika pa Misa. Bokosi linali patsogolo, litaphimbidwa ndi nsalu yoyera yokumbutsa ubatizo, ndipo agogo aakazi anakhala pamkeka pafupi nalo, atavala yunifolomu yawo ya Chigwirizano, amayi anzawo atawazinga. Bambo mfumu anawerenga mawu a Mulungu kuchokera m'Buku Loyera, Baibulo limene linatuluka mu 1998 atalimasulira pamodzi Akatolika ndi Apulotesitanti, pamene kale Apulotesitanti anali ndi Buku Lopatulika la 1922 lotchula "Yehova", ndipo Akatolika anali ndi Malembo Oyera awoawo. Polalikira, anayamika agogo aakazi powatchula mlongo wathu mwa Khristu, ndipo ndinaona akulu a mpingo a CCAP akugwedeza mitu. Itafika nthawi ya Ukaristia, ife Akatolika tinaimirira kupita pamzere, ndipo agogo aakazi anakhalabe pamkeka, manja ali pamiyendo, maso ali pa bokosi la amuna awo. Ndinadutsa pafupi nawo, chitenje chawo chinakhudza phazi langa, ndipo ndinalandira Ukaristia misozi ili m'maso.

Ndikudziwa chifukwa chake, ndipo sindikuimba mlandu wansembe aliyense. Mpingo wa Katolika umaphunzitsa kuti mkate ndi vinyo zimasanduka thupi ndi magazi enieni a Khristu, ndi kuti kulandira pamodzi ndi chizindikiro cha umodzi wathunthu m'chikhulupiriro, umene pakali pano kulibe. A CCAP amati mkate umakhalabe mkate, ndipo Khristu amalandiridwa mwauzimu ndi munthu wokhulupirira. Ubatizo wa agogo aakazi, wa madzi m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera, Katolika imauvomereza, moti akanafuna kulowa mpingowu sakanabatizidwanso. Ngakhale zili choncho, ine monga Mkatolika ndikuvomera kuti zinandiwawa kuona mayi amene anaphikira bambo ameneyu kwa zaka makumi asanu, amene anawasambitsa pa matenda awo onse, akulephera kudya nawo pa gome la Ambuye tsiku lotsanzikana. Pemphero la Yesu la pa Yohane 17, lakuti onse akhale amodzi, ndalimva likuwerengedwa kambiri, koma lero ndi pamene ndamva kulemera kwake.

Kumanda bambo mfumu anawaza madzi odalitsa, napempherera mzimu wa malemu kuti uwuse mumtendere. Amayi a Chigwirizano sanayankhe mbali imeneyo, popeza kwawo sapempherera akufa, koma nkhata zitaikidwa, mkulu wa mpingo uja anapatsidwa mpata, ndipo anapempherera ife anamfedwa ndi mawu onjenjemera, akutchula agogo kuti mbale wake.

Madzulo, titadya, agogo aakazi anandiitana m'chipinda. Anatulutsa pansi pa pilo kolona ya agogo aamuna, ya mikanda yakuda imene yachita kusalala ndi zala, ndipo anandifunsa kuti: "Mdzukulu wanga, kodi kwanu kuja mumatani kuti munthu womwalira amuchitire Misa? Ine za kupempherera akufa sindizidziwa, koma agogo ako anandiuza kuti ndisadzaiwale." Ndinawafotokozera kuti timakalembetsa dzina kuparishi ndi kupereka kangachepe. Anamasula mfundo ya pachitenje, nandipatsa ndalama zimene anapatula pa chipepeso, ndipo anati Lamulungu limenelo ndidzawatenge, adzakhala kumbuyo. Kolona ija sanandipatse. Anaibwezera pansi pa pilo, mbali imene agogo aamuna ankagona.