Tsiku limene ananditcha wokongola

Chaka chatha alamu anga anafika kunyumba kwathu ku Mitundu akudandaula za feteleza. Ndinavomera kuwapatsa K80,000, koma poti munthuyu ndimamudziwa, ndinati ndalama situluka popanda pepala. Mayi a kunyumba anati, "Ingolembani m'Chichewa, bambo a mwana." Ine toto. Pepala la ndalama liyenera kukhala la Chingerezi kuti liziopsa ngati la kubanki.

Ndinang'amba tsamba m'kope la mwana n'kulemba ndi Chingerezi changa cha Fomu 2: "I have borrowed K80,000. To be paid after harvest." Ndinasaina, alamu anasainanso pambali akumwetulira. Ine ndinkati akuthokoza, kuiwala kuti anakhalapo zaka zitatu ku Johannesburg.

Chimanga chinalowa m'nkhokwe, fodya anapita ku okushoni, alamu zii. Mu Ogasiti ndinakatula nkhani kwa ankhoswe, pepala lili m'thumba la malaya, ndikuyenda ngati loya. Anaitana aphunzitsi ena opuma ntchito kuti atiwerengere. Anawerenga kawiri, kenaka anandisuzumira pamwamba pa magalasi.

"Ndiye mubweza liti, achimwene?"

Ndinaseka ndekha. Ena onse anali chete.

Aphunzitsi anatola kamtengo n'kuyamba kulemba pansi. Ife timati "ndabwereka khasu", timatinso "wandibwereka khasu", mawu amodzi omwewo amayenda uku ndi uku. Chingerezi chilibe chifundo chimenecho. Borrow ndi kutenga cha mwini kuti udzabweze, ndipo amatsagana ndi from. Lend ndi kupereka chako kuti chidzabwerere, amatsagana ndi to. "Inu munakongoza, koma pepala likuti ndinu wokongola." Kubadwa kwanga konse palibe anali atanditchulapo wokongola, ndipo tsiku limenelo sizinandikomere.

"Mukanalemba kuti I have lent," anatero. Ine Lenti amene ndinkamudziwa ndi wa kutchalitchi uja, masiku 40 olapa Pasaka asanafike.

Anandipulumutsa ndi mayi a kunyumba. Anaima n'kunena kuti ndalamazo anawerenga okha pamphasa, ndipo mlongo wawoyo anazimanga mumpango iwo akuona. Alamu anakanda kumutu, nabweza K50,000 ndi kambuzi kotsokomola.

Mpaka lero tikakumana pamsika amandigwira dzanja anthu akumva, n'kunena mokweza: "Alamu, za ngongole ija musamavutike mtima. Ndinakukhululukirani."