Chenjezo la mwera

M'mawa uno ku Makawa mabwato angoti ndanda pamchenga, wailesi yachenjeza za mwera. Bambo wina akusoka ukonde wandifunsa, "Achimwene, a zanyengowa amadziwa bwanji mphepo isanafike?"

Ndawauza kuti sagwira ntchito okha. Mamembala 193 a WMO, bungwe loona za nyengo padziko lonse, amayeza mphepo ndi mvula pa maola ofanana, ndi miyeso yofanana, kenako n'kugawana. Zithunzi za mitambo zimachokera ku masetilaiti a ku Ulaya, anamondwe a kuno amawalondola ndi a zanyengo a pachilumba cha La Réunion. Freddy uja mu 2023 anamuona akuyambika kufupi ndi Australia, kutatsala masabata kuti atipeze.

Chondiwawa ine n'chakuti uthengawu umawoloka nyanja zikuluzikulu msangamsanga, koma msodzi wopanda wailesi ku Makanjira amaumva mafunde atayamba kale kumenya bwato.