Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Fodya wa ku Jamestown

Zikomo nonse amene munalemba ndemanga pa gawo lapitali, makamaka inu mayi a ku Leeds amene munati munaliwerenga mukulira m'basi. Ena mwafunsa chifukwa chimene ndadumphira zaka zoyamba za ku Richmond, m'chigawo cha Virginia ku America. Munalibe nkhani mmenemo: ntchito, tulo, kutumiza ndalama kumudzi, basi. Lero ndifotokoza chimene chinandibwezera kusukulu ndili kale ntchembere, poti azakhali aja mpaka pano akuuzabe anthu kuti ndinataya ntchito ya ndalama pofuna kutchedwa wophunzira.

Agogo achizungu amene ndinkawasamalira aja, okana mankhwala aja, anali mphunzitsi wa mbiri yakale asanapume. Loweruka lina mwana wawo anatitengera ku Jamestown, kumene Angelezi anamanga mudzi wawo woyamba wokhalitsa ku America, ine yanga inali yokankha njinga yawo. Njira yonse ankandilongosolera. Angelezi 104, amuna ndi anyamata okhaokha, anafika pamalopo mu May 1607, atatumidwa ndi kampani ya ku London yofuna phindu. Dzikolo linali ndi eni ake: mitundu pafupifupi 30 pansi pa mfumu yaikulu Powhatan, anthu olima chimanga, nyemba ndi maungu. Alendowo kulima kunkawavuta, ankadalira chimanga cha eni dziko, china chogula, china cholanda. Ubale utasokonekera, m'nyengo yozizira ya 1609 mpaka 1610 anadya akavalo, agalu ndi makoswe, ena mpaka mitembo ya anzawo. Anatsala pafupifupi 60.

Zonsezi ndinkangoti "eya, agogo", maganizo ali pa nthawi ya mankhwala. Kenaka tinalowa m'kanyumba kena kamene anamanga motsanzira zakale, kudenga atapachika fodya wouma.

Abale anga, fungo lija. Ndinasiya njinga pakhomo. Inu amene mwanditsatira kuyambira gawo 2 mukudziwa kuti ndinakulira pa esiteti ina ku Kasungu, bambo ali tenanti. Ndinawaona ali m'chigafa, zala zitada bii ndi utomoni wa masamba, akutsokomola. Ndinaona tsiku la malipiro lija, kapitawo akuwerenga m'buku mwake phoso, feteleza, khasu, mchere, sopo, mpaka kupezeka kuti chaka chonse chija bambo ndiwo ali ndi ngongole. Anabwera kunyumba osalankhula, n'kukhala pamtondo kuseri, mayi n'kutiuza kuti tikasewere kutali. Pa nthawi ya ulendowu n'kuti bambo ataikidwa m'manda miyezi yochepa chabe, ine osaponyako ngakhale dothi chifukwa cha mapepala. Achimwene, zija munalemba pa Facebook zoti ndinasankha madola kusiya maliro ndinaziona, ndipo bokosi lija mukudziwa amene analipira.

Agogo anadikira kuti ndipukute misozi, n'kupitiriza, koma tsopano ndinatchera khutu. Fodya ndiye anapulumutsa Jamestown. John Rolfe anayamba kubzala mtundu wokoma wochokera kum'mwera mu 1612, ndipo ku England unayenda malonda. Rolfe yemweyu ndiye anakwatira Pocahontas, mwana wa Powhatan, mu 1614. Mtsikanayo anakafera ku England mu 1617. Koma fodya amagugitsa nthaka, izi sindinafunikire kuuzidwa. Pakangopita zaka zochepa munda watha, pafunika wina, ndipo wabwino unali m'mbali mwa mitsinje momwe eni dziko ankalima. Mu March 1622 Opechancanough, amene ankatsogolera anthuwo Powhatan atamwalira, anaukira midzi ya Angelezi n'kupha anthu 347. Kubwezera kwake kunatenga zaka, Angelezi akuwotcha midzi ndi kusakaza minda ya chimanga.

Fodya amafunanso manja. Amphawi a ku England ankasaina kugwira ntchito zaka zinayi mpaka zisanu ndi ziwiri kuti abweze mtengo wa ulendo, ndipo wowalipirira ulendoyo ankapatsidwa maekala 50 pa munthu aliyense. Nditamva izi ndinaseka mowawidwa mtima, agogo n'kudabwa. Mu August 1619 chombo cha White Lion chinatsitsa anthu akuda opitirira pang'ono 20 ku Point Comfort, pagombe la ku Virginia, ogwidwa ku Angola, n'kuwasinthanitsa ndi chakudya.

Wina analemba kuti za Amwenye a ku America zikundikhudza pati ine Mchewa. Bambo inu, chimanga cha nsima mwadya leroyo anayamba kulima ndi anthu a ku Mexico zaka masauzande zapitazo, ndipo fodya amene anaphunzitsa ena n'kusaukitsa enafe kwawo n'komweko ku America. Komanso anthu a Powhatan sanathe. A Pamunkey ndi a Mattaponi akadali pa malo awo ku Virginia, ndipo chaka chilichonse, tsiku la chikondwerero chothokoza la Thanksgiving likayandikira, amapereka nyama ya gwape kwa bwanamkubwa motsatira pangano la m'zaka za m'ma 1600.

Agogo anamwalira chaka chomwecho, atandisiyira katoni ya mabuku. Ndinalembetsa maphunziro a madzulo pa koleji ina yaing'ono, masana ndikusambitsa okalamba. Za mmene bambo a ana anazilandirira, ndi za katoni ija kupezeka panja pa mvula, ndilemba Lachisanu.